Amake Tiwo Atulutsa Mipando

Komiti yoona za chitukuko m'dera lathu, kuno ku George, komboni ya mu Lusaka, inalengeza m'nyengo yozizira kuti yagula tebulo. Uthengawo unayenda pa galimoto ya zokuzira mawu, msewu ndi msewu, kufikira pamene galimoto ingathe kufika. Tebulolo, anatero wolengeza, liikidwa pakhomo la msika, ndipo munthu aliyense amene imvi zayamba kumuyendera azipita kukapimitsa kuthamanga kwa magazi, kumene tonse timangoti bipi, popanda kulipira.

Tebulo linafikadi. Linafika ndi nsalu yoyera, ndi chikwangwani cholembedwa mwaluso: DZIWANI NAMBALA YANU. A Kabwe, wapampando wa komiti, analankhula nthawi yaitali kuti kupewa kuposa kuchiza, anthu n'kuwomba m'manja. Wina atafunsa za makina opimira, anauzidwa kuti makina ali m'njira. Ku George njira zathu timazidziwa maenje ake, choncho palibe anadabwa kuti chinthu chili m'njira chikuchedwa.

Mmodzi mwa amene sanawombe m'manja anali Emelda Mphande, amake Tiwo. Sunali mwano. Manja awo anali m'beseni ya kapenta, pakuti benchi yawo ili pafupi ndi khomo lomwelo.

Amake Tiwo anabadwira ku Katete. Anabwera ku Lusaka ali mtsikana kudzalera ana a azakhali awo, kenaka anagwira ntchito m'nyumba za ku mayadi, kumene anaphunzira zinthu ziwiri: kunyamula katundu wa eni ake osaswa, ndi kuona zinthu osazikamba. Choyambacho sanachitaye. Chachiwiricho chinayamba kuwapulumuka atakula. Anakwatiwa ndi a Blackson Mphande, oyendetsa minibasi, amene agogo awo anachoka ku Dedza akupita ku migodi ya ku Joni, koma atafika pa Lusaka anaona kuti ulendo wakwana. Mwana wawo Tiwo anakwatiwa ku Kalingalinga, mu Lusaka momwemu, ndipo amabwera pa Khirisimasi.

Koma ku George amake Tiwo sadziwika ndi kapenta. Amadziwika ndi maliro.

Ku komboni munthu akamwalira, choyamba kutuluka m'nyumba si mtembo, pakuti mtembo umakhala uli kale kuchipatala. Choyamba kutuluka ndi mipando. Masofa amapita panja, mu tenti, kuti akhalepo azibambo. Azimayi amakhala pansi m'nyumba, pa mphasa ndi masaka. Kabati ya magalasi, wailesi ya kanema, mbale za alendo ndi tizinthu tonse ting'onoting'ono zimalowa kuchipinda n'kukiya. Ntchitoyi imafuna munthu amene mutu wake umazizira pamene eni nyumba akugubuduzika, ndipo manja ake sakhala ndi ulimbo. Palibe anawasankha amake Tiwo, palibenso amawalipira. Kungoti kwa zaka zambiri, mawu akuti "itanani amake Tiwo" ankatuluka abusa asanaimbiridwe foni.

Munthu wotulutsa mipando amadziwa zimene anthu amaika pamwamba pa kabati ndi zimene amabisa pansi pa khushoni. Ndipo m'zaka zapitazi, amake Tiwo anayamba kukumana ndi chinthu chimodzimodzi nyumba ndi nyumba: mabotolo obiriwira a chivindikiro cha golide, ena opanda kanthu, ena atatsala theka. Amasiye ankangoti, "Tengani chabe, nisavione." Iwo ankawatsuka n'kusungiramo mchere, soda ndi nthanga za maungu. Mabotolo anachuluka kuposa mchere, otsalawo n'kumalowa m'saka kuseli kwa nyumba.

Mabotolowa dzina lake ndi Mzati wa Moyo. Anabwera nawo ndi a Jordan, munthu wa suti yonyezimira amene kale ankagulitsa zikuto za mafoni m'tauni. Malinga ndi a Jordan, m'kapisozi kamodzi muli mavitamini onse, masamba a moringa, ndi mizu ya kutsidya kwa nyanja, ndipo womwa Mzati shuga samuyandikira, bipi imamuopa, khansa imalambalala. Tinene chilungamo: a Jordan amamwa okha katundu wawo, m'mawa ndi madzulo, ndipo amaukhulupirira. Alinso ndi makina, amene sanachedwe m'njira. Munthu amagwira kachitsulo kolumikizidwa ku laputopu, laputopu n'kuonetsa chiwindi, impso ndi mafupa ake mu mitundu yofiira ndi yachikasu. Makinawo chifikireni ku George sanapezepo munthu wamoyo wathanzi.

Loweruka lililonse a Jordan ankachita msonkhano mu holo ya kasukulu kena, ndipo pamsonkhanopo chachikulu unali umboni. Anthu ankaimirira mmodzimmodzi monga kutchalitchi. Uyu mawondo anasiya kulira. Uyu tulo tabwerera. Uyu akazi ake asiya kudandaula, holo yonse n'kufa ndi kuseka.

A Blackson anapezeka ndi bipi zaka zapitazo, asanasiye minibasi. Ankamwa mapiritsi a kukiliniki, koma ankawamwa ndi mkwiyo. Mzere wake unali wautali, mapiritsiwo ankawatumiza kukataya madzi pafupipafupi, ndipo choposa zonse, sankatha. Mnzawo wosewera naye dirafuti, a Hosea, amene ankakhala nawo tsiku lonse pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi ometa tsitsi, ndiwo anayamba Mzati. A Hosea anachitira umboni pamaso pa anthu kuti mapiritsi a kukiliniki awasiya, ndipo analumpha m'mwamba kuti anthu aone. Wina anajambula pa foni, vidiyo n'kuyenda George yense.

Sipanapite nthawi, amake Tiwo anaona kuti paketi ya mapiritsi pa windo yayamba kugwira fumbi.

"Batate ba Tiwo, mapilisi yanu aya mwayasiyila ndani?"

"Yasiyeni. Ine manje nili pa Mzati."

"Mzati wa nyumba ya ndani?"

"Imwe bamake Tiwo, zaka zonse izi namwa vija, napola? Mankhwala ya zoona munthu amamwa, apola, asiya. Vija ni lendi chabe, mpaka kumanda. Onani ba Hosea mwamene balumphila."

"Ba Hosea benze kulumpha na kudala. Mwaibala pa ukwati wa Tiwo?"

"Imwe mumasusha vonse. Na mvula mungaisushe."

Tsiku lina a Hosea anagwa pa dirafuti pomwepo. Anatola kachitsekero ka botolo kamene ankasewerera kuti adye ana a a Blackson pa bolodi, dzanja n'kukana, kamwa n'kupotoka. Kuchipatala anati ndi sitiroko, ndipo sanabwereko. Amake Tiwo anaitanidwa monga mwa masiku onse. Pamwamba pa kabati anapeza mabotolo obiriwira ali ndandanda. Pansi pa khushoni ya sofa anapeza mapaketi a kukiliniki osatsegula. Mu tenti, foni ya munthu wina inalira mwangozi ndi vidiyo ija, mawu a malemu akufuula kuti sanamvepo bwino chotere moyo wawo wonse, mwini foni akulimbana ndi thumba la buluku kuti aizimitse.

A Jordan anabwera pamaliro mwaulemu, ndi thumba la makala, nakhala pansi ndi azibambo mpaka kuika. Pobalalika anawatengera pambali a Blackson n'kuwapempha kuti Loweruka likubweralo adzaimirire m'malo mwa mnzawo, kuti anthu asafooke. A Blackson anavomera.

Apa ndi pamene amake Tiwo anachita mantha enieni. Amuna awo amawadziwa. Mawu amene a Blackson alankhula kuchipinda amatha kusintha mawa lake, koma amene alankhula pamaso pa anthu sawameza, ngakhale awatsamwe. Anati pagulu sadzapondanso pakhomo pa alamu awo a ku Matero, pa nkhani ya tayala, ndipo mpaka lero akadutsa kumeneko amayang'ana kumbali. Munthu wotere akaimirira mu holo n'kunena kuti mapiritsi wawasiya, ndiye kuti wawasiya mpaka tsiku lotulutsa mipando.

Choncho masana ena amake Tiwo anasenza saka lija n'kupita nalo kwa a sista Maud, namwino wa pakiliniki ya m'dera, amene amakhala mizere iwiri kuchokera kwawo ndipo amagula kapenta pa benchi yawo. Anawapeza akuchapa yunifolomu. Anakhuthula mabotolo pakhonde, gwedegwede.

"Ba sista, nabwelesa umboni. Vonse ivi nachosa mu manyumba ya malilo. Vipaya banthu ivi."

A Maud anapukuta manja, nayang'ana mulu uja.

"Mapilisi yathu ya ku kiliniki simuyapeza mu manyumba ya malilo?"

"Niyapeza."

"Nanga Baibulo?"

"Nyumba iliyonse."

"Ndiye tikambe kuti Baibulo ipaya banthu?"

"Ba sista, imwe muli ku mbali ya ndani?"

"Nili ku mbali ya ba Blackson. Nkhalani pansi, bamake Tiwo. Imwe muona chabe bakufa, ba Jordan baona chabe bamoyo. Nonse babili muli na diso imozi."

Ndiye anawafotokozera, uku akufinya kolala, mmene anthu ofufuza amadziwira ngati chinthu chimatetezadi matenda. Amatenga anthu masauzande n'kuwagawa pawiri mwamaere, osati posankha. Gulu lina limapatsidwa mankhwala enieni, lina mapiritsi ofanana nawo maonekedwe koma opanda kanthu m'kati, ndipo womwa sadziwa, wopereka sadziwa kuti enieni ndi ati. Kenaka amadikira zaka, pakuti bipi ndi shuga si malungo oti Lachitatu wadwala Lachisanu wadzuka. Pamapeto pake amawerenga onse: amoyo, akufa, ogwa sitiroko, osamuka. Safunsa kuti ukumva bwanji, chifukwa munthu amene wagula chinthu chodula amamva bwino ndithu, ndipo bipi imatha kukwera mwini wake akulumpha.

Mapiritsi a bipi anadutsa m'mayeso otere, ndipo mwa omwa, ogwa sitiroko anachepa. Mavitamini a m'mabotolo nawonso anayesedwa kambirimbiri, ndipo kwa munthu amene sakusowa kanthu m'thupi, pa matenda a mtima kusiyana kunapezeka kochepa, nthawi zambiri osaoneka n'komwe. Pamene pali kusowa mpamene amathandiza: mayi woyembekezera amene magazi achepa, mwana wosowa vitamini A. N'chifukwa chake, anatero a Maud, boma linalamula kuti vitaminiyo aziikidwa mu shuga wa m'masitolo.

"Mu shuga wamene mumatilesa?"

"Wamene uja."

"Boma ni boma," anatero amake Tiwo. "Nanga Mzati banauyesa?"

"Ine sininamveko. Kapena ulibe nchito, kapena uli na kanchito kang'ono, kapena uli na choipa, palibe aziba. Chamene niziba ni chakuti munthu wa bipi akasiya mapilisi, ayenda pa nthambo."

Amake Tiwo anabwerera atakwiya. Anapita ndi mlandu, anabwera ndi saka la mabotolo. Koma mawu amodzi anawakanirira m'mutu njira yonse: amawerenga onse.

Loweruka holo inadzaza. A Blackson anavala jekete la pa ukwati wa Tiwo nakhala pafupi ndi kutsogolo. Mzere woyamba weniweni unali wa alendo olemekezeka, amene monga mwa chikhalidwe chawo sanabwere. Maumboni anayenda: mawondo, tulo, msana. A Jordan atangoti, "Manje tiitane ba Mphande," kumbuyo kunamveka gwedegwede.

Amake Tiwo ankabwera pakati pa mipando, saka pamutu, atavala chitenje chawo chakuda chothethekera chimene George yense amachidziwa ntchito yake. Anatula saka kutsogolo, nayamba kuika botolo limodzi pa mpando uliwonse wa alendo olemekezeka.

"Bamake Tiwo," anatero a Jordan akumwetulira mu maikolofoni, "mabotolo yakale sitigula."

"Sinigulisa. Nabwela na banzanu. Benze kufuna kubwela beka, koma tilansipoti yabavuta."

Anthu anaseka. Amake Tiwo anagwira botolo loyamba pachivindikiro, monga mmene umagwirira mwana pamutu pomuonetsa kwa alendo.

"Aba ni ba Hosea, mubaziba, muli nabo mu mafoni. Aba ni bamake Belinda ba pa chigayo. Aba ni ba Kumbu, bamene benze kukonza mawilibala. Aba ni ba Salome ba kwaya."

Kuseka kunatha ngati madzi a pampopi wa komboni, osatsanzika.

"Amai, mukamba kuti Mzati unapaya banthu aba?" Kumwetulira kwa a Jordan kunali kudakalipo, koma kunali kutauma. "Muzibe kuti mau yaso yafika ku khoti."

"Awe, sininakambe so. Ba sista banilesa. Nikamba chabe kuti na aba benze kumwa. Bena banaimilila pamene apa. Manje mukabelenga bopola, belengani bonse. Funsani na aba mwamene bamvelela."

"Imfa ni ya Mulungu, amai. Aliyense ali na siku yake."

"Ehe, apo mwakamba! Munthu akapola ni botolo, akafa ni Mulungu. Imwe mwatenga maukwati yonse, Mulungu mwamusiyila chabe malilo."

Zikanakoma kunena kuti anthu anatuluka mu holo chifukwa cha kulemera kwa mfundoyi. Koma chimene chinachitika n'chakuti mayi wina wa mu mzere wachiwiri anafunsa, "Bamake Tiwo, mabotolo aya mwachosa mu manyumba ya malilo zoona?"

"Yena kumutu kwa bedi."

Mzere wachiwiri unanyamuka wonse pamodzi. Wachitatu unatsatira. Katundu wa womwalira ali ndi malamulo ake. Amakiyidwa, abale n'kudzagawana maliro atatha, ndipo munthu wanzeru sakhala naye bondo ndi bondo pa msonkhano wa zaumoyo. Ena anatulukira pakhomo, ena anakumbukira kuti anasiya nyemba pamoto. Mlonda wa pasukulupo anakana kukhudza mipando ija mpaka abusa adzapemphererepo. Motero maphunziro a zofufuza anapambana ku George tsiku limenelo, mothandizidwa ndi mantha a mizimu.

A Blackson sanachitire umboni, poti panalibe woumva. Anatuluka osayang'ana akazi awo.

Mtengo wake amake Tiwo anaulipira msanga. Dzuwa lisanalowe, mbiri inali itazungulira kuti mayi uja amasunga zinthu za akufa kuseli kwa nyumba, ndipo ndani akudziwa zina zimene amasunga. Kapenta wawo anayamba kukhalitsa m'beseni. Maliro otsatira, a mkulu wina wa mu mzere wawo womwe, sanaitanidwe. Anapitabe, nakhala pansi pa mphasa monga wina aliyense, akuonerera anthu a mtima wabwino akupanikiza kabati pa chitseko mpaka galasi linati phwa. Anangokonza mpango kumutu.

Kunyumba kunali zii. A Blackson ankadya, n'kusamba m'manja, n'kutuluka. Umboni sanapereke, koma mapiritsi sanawakhudzenso. Ankadzuka akugwira pankhongo, maso ofiira. Atafunsidwa, anayankha mawu awo oyamba a sabata imeneyo, kuti ndi Mzati ukuchotsa dothi m'thupi, a Jordan ananeneratu kuti zimayamba choncho.

M'mawa wina a Blackson atapita ku dirafuti, kumene tsopano ankasewera ndi aliyense wopezeka, amake Tiwo anavala chitenje chija. Anakoka sofa yaikulu mpaka pabwalo. Anakoka inzake. Anatulutsa mpando wa a Blackson, uja wa mikono umene palibe wina amakhalapo. Kabati anaikankhira kuchipinda, osaswa kanthu, n'kuyala mphasa pabalaza, n'kuyatsa mbaula panja.

Ku George masofa akakhala pabwalo popanda lole yosamutsa, tanthauzo lake n'limodzi. Azimayi oyandikana nawo, omwe aja anasiya kugula kapenta, anamanga zitenje n'kuyamba kulira ali pageti, pakuti mkangano ndi mkangano koma maliro ndi maliro. Uthenga unafika pansi pa mtengo wa mango kudzera pa foni ya ometa tsitsi, amene anayang'ana foni, nayang'ana a Blackson, nayang'ananso foni.

"Ba Mphande, bakamba ati mwamwalila."

A Blackson anafika pakhomo pawo ali wefuwefu. Olira anasiya pakati pa nyimbo. Wina anathawira kuseli kwa chimbudzi. Amake Tiwo anali chiimire pakhomo, manja m'chiuno.

"Ndani wamwalila pano?"

"Palibe. Niyeselela chabe. Siku ija ine nizankhala nilila, sinizakwanisa kunyamula. Na banthu ba masiku yano mwabaona, baphwanya magalasi."

"Mwafuntha, bamake Tiwo?"

"Naona pamene vonse vizankhala. Tenti apa. Mbaula apo. Mupando wanu uyu uzankhala kusogolo, pazankhala balamu banu ba ku Matero. Benze kuukumbwila kudala."

"Uja? Pa mupando wanga?"

"Muzabalesa bwanji? Muzankhala mu filiji ku chipatala."

Wina mwa olira anaseka, n'kubisa kamwa m'chitenje. Anthu anali atadzaza mpaka mumsewu. A Blackson anayang'ana mpando wawo, umene padzuwa unkaoneka wakutha kuposa mmene ankaudziwira.

"Bwezani vinthu mukati."

"Nizabweza mukapimisa. Osati pa kansimbi ka ba Jordan. Pa mukono, na lamba ija yofinya."

"Nikapezeka nili bwino?"

"Nizagula botolo ine neka, niimilile mu holo, nikambe pamenso pa banthu kuti bamake Tiwo ni chipuba, chisilu cheni-cheni. Bonse aba bamvela."

A Blackson anayang'ana khamu lija. Anawongola kolala.

"Tiyeni manje manje. Muzaona."

Anali atanena pamaso pa anthu, ndipo amake Tiwo anadziwa kuti apa amuna awo sangabwerere, ngakhale atafuna.

Monga nzika zomvera, anayamba ndi tebulo la pamsika, olira ena akutsatira m'mbuyo poti anali atavala kale. Tebulo linalipo. Nsalu inalipo, chikwangwani chinalipo. Panalinso mayi wa tomato amene anaikapo beseni yake podikira minibasi, ndipo anawauza kuti makina ali m'njira. Anapitirira mpaka kukiliniki, nakhala pa mzere, a Blackson akufotokozera aliyense woyandikana naye kuti iwo sakudwala, angobwera kudzatseka pakamwa pa munthu.

A Maud anakulunga lamba pamkono, makina n'kufinya. Anayang'ana nambala, nasinthira mkono wina.

"Ni kuyenda," anatero a Blackson. "Nayenda maningi. Na kukalipa."

"Zoona, vimakweza. Pumulani, tizapimanso."

Anawasiya apume pa benchi, napima anthu ena, kenaka n'kubwereza. Atatha anachotsa magalasi awo n'kuwauza a Blackson kuti lero sapita kunyumba msanga, ayambe aonana ndi adokotala. A Blackson anafuna kutsutsa, koma anayang'ana nkhope ya a Maud, imene sinali nkhope ya munthu wopambana mkangano, ndipo anakhala pansi. Amake Tiwo, amene anakonzekera mawu ambiri a nthawi imeneyi, anangotenga jekete la amuna awo n'kulipinda pamiyendo.

Mipando inabwerera m'nyumba madzulo ake. A Blackson amamwa mapiritsi m'mawa uliwonse, ndi mkwiyo womwe uja, ndipo akafunsidwa pa dirafuti amati amamwera mpando, kuti munthu wa ku Matero asaulawe. Botolo la Mzati limene linatsala anapita nalo kwa a Maud kuti alione, monga a Maudwo anawauzira kukiliniki, ndipo pano muli mchere. Kuti mapiritsiwo awasunga zaka zingati, palibe angalonjeze, ndipo amake Tiwo salonjeza. Amangoti nambala yatsika, anaiona ndi maso awo. Pamaliro ena amaitanidwa, pena saitanidwa. Amene amawaitana amayamba abisa mabotolo.

Komiti yoona za chitukuko yalengezanso, pa galimoto yomwe ija, kuti makina opimira bipi anafika bwinobwino. Ali mu bokosi lake mu ofesi ya a Kabwe, kudikira mlendo wolemekezeka amene adzawapereke kwa anthu mwamwambo. Podikirapo, pofuna kuti katundu wa anthu asakhale chabe, komiti yabwereketsa tebulo kwa wamalonda wa m'dera lomwelo. Pansi pa chikwangwani cha DZIWANI NAMBALA YANU, a Jordan amakhalapo kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndi kachitsulo kawo.